Pierre Fauchard: Dotolo Amene Anakana Kutaya Muzu wa Dzino

HARARE – M'makomboni ozungulira dera la mafakitale la Willowvale mumzinda wa Harare, monga Highfield, Glen Norah ndi Glen View, momwe muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, nkhani ya dzino lowawa kawirikawiri imathera pa chinthu chimodzi: kulizula. Ndi mmenenso zilili ku Ndirande, ku Chipata ngakhale ku Tete. Munthu amapirira masiku angapo, tsaya n'kutupa, tulo n'kusowa, ndipo pofika kuchipatala amakhala atagamula kale yekha mlandu wa dzinolo. Kuzula n'kotsika mtengo, n'kwachangu, ndipo ululu umatha. Chotsala ndi magweru, kutafunira mbali imodzi, ndi kugwira pakamwa poseka.

Komatu njira ina ilipo. Dzino likaola mpaka kufika pa mtsempha, dotolo akhoza kuchotsa mtsempha wodwalawo, kutsuka kanjira kamene kali mkati mwa muzu ndi kukatseka bwinobwino. Ngati mutu wa dzinolo unagumuka kotero kuti palibe pogwira, iye amalowetsa kamsomali m'kanjirako, naumba phata pamwamba pake, kenaka n'kuveka chisoti chooneka ngati dzino lenileni. Madotolo amatchula kutsuka muzu kuja kuti root canal, kamsomaliko post, phatalo core, ndipo chisoticho crown. Ambiri amayesa kuti limeneli ndi luso la dzulodzuloli, koma maziko ake analembedwa m'buku m'chaka cha 1728 ndi mwamuna wina wa ku France, Pierre Fauchard, amene dziko lapansi limamutcha tate wa udotolo wamakono wa mano.

Fauchard anabadwa kumayambiriro kwa chaka cha 1679, ngakhale mabuku ena akale amalemba 1678, m'mudzi wa Saint-Denis-de-Gastines kumpoto chakumadzulo kwa France. Banja lake silinali lolemera. Ali ndi zaka pafupifupi 15 analowa gulu la nkhondo la pamadzi la mfumu Louis XIV ngati wophunzira ntchito ya opaleshoni, ndipo anagwa m'manja mwa mkulu wina wa ntchitoyi, Alexandre Poteleret, amene anali ndi chidwi chachikulu ndi matenda a m'kamwa. Sukulu yake inali sitima. Amalinyero oyenda miyezi yambiri panyanja osadya zipatso kapena ndiwo zamasamba ankagwidwa ndi matenda a scurvy, amene amatupitsa nkhama, kuzitulutsa magazi ndi kugwedeza mano mpaka kugwa okha. Pa nthawiyo palibe ankadziwa kuti gwero lake ndi kusowa kwa vitamini C. Mnyamatayo anaona ndi maso ake mmene munthu wamphamvu amafookera akalephera kutafuna, ndipo atasiya ntchito ya usilikali patapita zaka zochepa, mtima wake unali utakhazikika kale pa mano.

Anakakhala mumzinda wa Angers, ndipo ankayenderanso mizinda ya Nantes, Rennes ndi Tours kukathandiza odwala. Kumeneko anayamba kudzitcha chirurgien dentiste, kutanthauza dotolo wa opaleshoni ya mano, dzina limene madotolo a mano m'maiko olankhula Chifalansa akulidziwabe mpaka lero. Zipangizo zoyenera kunalibe, choncho iye ankaonera kwa amisiri okonza mawotchi, osula mphete ndi ometa tsitsi, natenga timatupa, tizobowolera ndi tizopanira tawo n'kutisintha kuti tigwire ntchito m'kamwa. Cha m'ma 1718, mbiri yake itamveka, anasamukira ku Paris.

Kuti munthu amvetse kukula kwa zimene Fauchard anachita, ayenera kudziwa mmene zinthu zinalili mumzindawo. Ntchito ya mano inali yonyozeka. Madotolo ophunzira m'mayunivesite ankaiona ngati ya anthu wamba, ndipo ambiri ozula mano ankagwirira ntchito pamsika kapena pa mlatho wotchuka wa Pont Neuf, atavala zonyezimira, ng'oma ndi malipenga zikulira pofuna kukopa anthu komanso kuphimba kukuwa kwa wozulidwayo. Wotchuka kwambiri mwa iwo anali chimphona china chodziwika ndi dzina loti le Grand Thomas. Ngakhale mfumu sinapulumuke: m'chaka cha 1685 madotolo a Louis XIV, pozula mano ake a m'mwamba, anathyola mbali ya fupa n'kusiya bowo lofika m'mphuno, kotero kuti madzi amene ankamwa ankatulukira m'mphunomo kufikira atawotcha chilondacho ndi chitsulo chamoto. Lamulo la 1699 linanena kuti ofuna kugwira ntchito ya mano ku Paris aziyamba alemba mayeso, koma Fauchard anadandaula kuti pakati pa oyesawo panalibe munthu wodziwadi za mano.

Panalinso vuto lina, la umbombo wa nzeru. Mmisiri aliyense ankabisa luso lake, kuopa kuti mnzake angamulande makasitomala, ndipo akamwalira luso lija linkapita naye kumanda. Fauchard anaswa mwambo umenewu. Pofika 1723 anali atamaliza kulemba zonse zimene ankadziwa, ndipo atazikonza ndi kuzionetsa kwa madotolo ena kwa zaka zisanu, buku lake lotchedwa Le Chirurgien Dentiste, ou Traité des Dents linatuluka m'chaka cha 1728 m'magawo awiri, lili ndi zithunzi pafupifupi 40 za zipangizo ndi mano oikirira. Linamasuliridwa m'Chijeremani mu 1733, ndipo iye mwini analikulitsa n'kulitulutsanso mu 1746.

Zambiri za m'bukuli lero zimamveka ngati zachidziwikire, koma pa nthawiyo zinali zachilendo. Iye anatsutsa chikhulupiriro chakalekale, chofala m'maiko ambiri, chakuti dzino limabooledwa ndi nyongolotsi, ponena kuti anayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu koma sanaipeze. Analoza chala shuga ndi zakudya zotsekemera. Analimbikitsa kumata mano obooka ndi mtovu, tini kapena golide, anafotokoza kachitsulo kowongolera mano okhota, ndipo anati wodwala azikhala pampando wabwino wotsamira, osati pansi mutu uli pakati pa mawondo a wozula monga zinkachitikira. M'buku la 1746 anafotokoza mwatsatanetsatane matenda a nkhama otulutsa mafinya ndi kugwedeza mano, amene kwa zaka zambiri ankatchedwa ndi dzina lake.

Koma pamene luso lake la umisiri linaonekera kwambiri ndi pa muzu. Ozula mano a nthawi yake akaona dzino lothyoka, lotsala chitsa chokha m'nkhama, ankaona chinyalala choyenera kuchotsa. Fauchard ankaona maziko. Mano oikirira a masiku amenewo ankamangiriridwa ku mano oyandikana nawo ndi ulusi wa silika kapena waya wa golide, ndipo ulusiwo unkatha msanga, kugwira zakudya, kununkha ndi kugwedeza mano abwino aja. Iye anazindikira kuti muzu wolimba, wokhazikika m'fupa la nsagwada, umagwira kuposa ulusi uliwonse. Akuluakulu a kwathu akanamumvetsa msanga, paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Njira yake inali yotere. Choyamba ankapala chitsacho ndi tupa mpaka chilingane ndi nkhama, n'kuchotsa zonse zoola. Kenaka ankakulitsa pang'ono kanjira ka mkati mwa muzu ndi kachitsulo kosongoka. Kanjirako kakakhala kotakasuka kwambiri kaamba ka kuola, ankakadzaza ndi mtovu n'kuboola mumtovumo bowo loyenera. Atatero ankakonza kamsomali ka golide kapena siliva, kamene ankakatcha tenon, mawu a akalipentala otanthauza lilime la thabwa lolowa m'bowo la thabwa linzake. Kamsomaliko ankakatema timizere kuti kasaterere. Mbali imodzi inkalowa m'dzino loikiriralo ndi kumatidwa ndi phula lopangidwa posakaniza utomoni wa mitundu iwiri ndi ufa wa miyala yoyera ya m'nyanja yotchedwa coral, phula limene linkafewa likatenthedwa n'kuuma likazizira. Mbali inayo inkalowa mu muzu, ndipo ikakhala yokhwepa ankaikulunga ndi tiulusi kuti ithine. Mizu iwiri yolimba ikapezeka, inkatha kusenza mano angapo olumikizana, ngati mlatho wokhala pa mizati iwiri.

Mano oikirirawo ankachokera kosiyanasiyana. Ena anali mano enieni a anthu, ena ankasemedwa kuchokera ku fupa la ng'ombe, minyanga ya njovu kapena mano a mvuu. Mano a mvuu ankakondedwa ndi amisiri a ku Ulaya chifukwa cha kulimba ndi kuyera kwake, kotero kuti nyama imene asodzi a mumtsinje wa Shire ndi Zambezi amaiopa inali ndi abale ake amene mano awo ankathera m'kamwa mwa olemera a ku Paris. Fauchard mwini analemba kuti mano okhomedwa motere ankatha kukhala zaka 15 mpaka 20 osasuntha, chinthu chimene ulusi sukanatha.

Si bwino kumukometsera mopitirira. Iye ankagwira ntchito mumdima weniweni. Mankhwala ochititsa dzanzi kunalibe: kugonetsa wodwala ndi mpweya kunayamba m'ma 1840, ndipo jekeseni ya procaine inabwera mu 1905. Zojambula za X-ray zinatulukira mu 1895, choncho Fauchard sankatha kuona kutalika kapena kukhota kwa muzu, koma kungoumva ndi zala. Za tizilombo toyambitsa matenda sankadziwa kanthu. Ankadziwa kuboola dzino kuti mafinya atuluke, kuwotcha mtsempha ndi kachitsulo kamoto, ndi kuika thonje lonyowetsedwa ndi mafuta a clove kapena sinamoni kuti ululu uchepe, koma muzu wotsukidwa chotere sunali woyera monga momwe dotolo wa lero angafunire, ndipo n'zosakayikitsa kuti ina mwa mizuyo inkatupa pambuyo pake. Analinso mwana wa nthawi yake pa zinthu zina. Munthu yemweyu amene anakana nyongolotsi ya m'dzino analangiza odwala kuti azichukucha m'kamwa ndi mkodzo wawo m'mawa ndi madzulo, ndipo ankakonda chinkhupule kuposa mswachi wa ubweya wa hatchi. Langizo la mkodzolo linafa lokha, ndipo palibe amalilira.

Kamsomali kake, komabe, sikanafe. Mu 1746 mnzake wa ntchito ku Paris, Claude Mouton, analemba za zisoti za golide zovekera mano owonongeka. M'zaka za m'ma 1800 madotolo ambiri anayamba kugwiritsa ntchito tizikhomo tamtengo m'malo mwa golide, potengera nzeru imene mlimi aliyense amaidziwa, yakuti mpini wokhwepa umathina ukaviikidwa m'madzi. Kachikhomoko kankafufuma ndi malovu n'kugwira zolimba, koma kufufuma komweko nthawi zambiri kunkang'amba muzu, dzino n'kutayika lonse. Cha m'ma 1880 dotolo wa ku America, Cassius Richmond, anatulutsa chisoti chadongo lowotcha cholumikizana ndi msomali wake komanso mkombero wa golide wozinga muzu. Pa nthawi yomweyo utomoni wa gutta-percha, wochokera ku mitengo ya kumwera chakum'mawa kwa Asia, unali utayamba kugwiritsidwa ntchito potseka kanjira ka muzu, ndipo ukugwirabe ntchitoyi lero.

Kenaka panabuka mphepo yotsutsa. Mu 1910 dotolo wa ku Britain, William Hunter, polankhula ku yunivesite ya McGill mumzinda wa Montreal, anadzudzula mwamphamvu mchitidwe woveka golide pamwamba pa mizu yodwala, ponena kuti mafinya obisika pansi pake ankadwalitsa thupi lonse. Pa za uve wa ntchito zina za nthawiyo sanalakwe. Koma zotsatira zake zinapyola muyeso: kwa zaka makumi angapo mano osawerengeka, ena abwinobwino, anazulidwa ku Ulaya ndi ku America pokhulupirira kuti ndiwo ankayambitsa nyamakazi ndi matenda ena. Zinatengera X-ray, ukhondo wa zipangizo ndi kafukufuku wa tizilombo kuti madotolo abwerere ku maganizo akuti muzu wotsukidwa bwino ukhoza kusungidwa popanda choopsa. Kuyambira m'ma 1930 kunafalanso njira yosungunula msomali ndi phata ngati chinthu chimodzi, chisoti n'kukhala chapadera, kuti chisoticho chikatha chizisinthidwa popanda kugwedeza muzu.

Madotolo a lero anawongola mfundo imodzi yofunika kwambiri. Kwa nthawi yaitali ankakhulupirira kuti msomali umalimbitsa muzu. Kafukufuku anaonetsa kuti si choncho. Kuboola malo a msomali kumadya khoma la muzu, ndipo msomali wonenepa kwambiri umasanduka mphero yong'amba dzino. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kugwira phata pamene dzino lenileni latsala lochepa. N'chifukwa chake mano akuluakulu otafunira, amene ali ndi mphako yaikulu pakati, nthawi zambiri safuna msomali, pamene mano a kutsogolo othyoka amaufuna kawirikawiri. Dotolo amasiya mamilimita 4 kapena 5 a gutta-percha kunsonga ya muzu kuti tizilombo tisalowe, ndipo amafuna kuti pamwamba pa nkhama patsale khoma la dzino lenileni la mamilimita pafupifupi 2 loti chisoti chilizinge, monga lamba wachitsulo amazingira mgolo. Khoma limeneli likasowa, ngakhale msomali wokwera mtengo chotani supulumutsa dzinolo, ndipo dotolo woona mtima amamuuza wodwala kuti kuzula ndiko kwabwino.

Zopangira nazonso zinasintha. Kuwonjezera pa golide, pali misomali ya chitsulo chosachita dzimbiri, ya titanium ndi ya zirconia. Mu 1990 akatswiri a ku France komweko, Duret ndi anzake, anatulutsa msomali wa tiulusi ta carbon tomangidwa ndi utomoni, ndipo pambuyo pake kunabwera ya tiulusi ta galasi, yoyera ngati dzino. Misomali imeneyi imapindika pang'ono mofanana ndi dzino lenileni, choncho ikalephera, kawirikawiri imamasuka kapena kuthyoka yokha m'malo mong'amba muzu. Imamatidwa ndi guluu wamakono, mdzukulu wa phula lija la utomoni ndi coral.

Kum'mwera kwa Africa, chotchinga chachikulu si kusowa kwa nzeru koma kusowa kwa ndalama ndi anthu. Kutsuka muzu, kuika msomali ndi kuveka chisoti kumafuna maulendo angapo, makina ojambulira, magetsi odalirika ndi mmisiri wopanga chisoticho, ndipo mtengo wake umaposa wa kuzula kambirimbiri. Wogwira ntchito m'fakitale ku Willowvale kapena wogulitsa malonda ku Mbare amene alibe inshuwalansi ya zaumoyo amawerenga zonsezi asanakhale pampando. Kuchedwa kumawonjezera vuto, pakuti dzino lofika kuchipatala litagumuka mpaka pansi pa nkhama limakhala lilibenso khoma lija. Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lapansi ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osalemera. Dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa lokha madotolo a mano a digiri m'chaka cha 2019 ku College of Medicine mumzinda wa Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Izi zinachitika patatha zaka pafupifupi 300 chitulukire buku la Fauchard.

Fauchard mwini sanasaukire kuulula zinsinsi zake, monga ankaopera anzake. Odwala olemera ankabwera kwa iye kuchokera kutali, ndipo mu 1734 anagula nyumba yaikulu ndi minda ya Grand-Mesnil, kum'mwera chakumadzulo kwa Paris. Anakwatira katatu. Mkazi wake wachiwiri, Elisabeth Chemin, anali mwana wa ochita zisudzo a ku Comédie-Française, ndipo anamuberekera mwana wamwamuna, Jean-Baptiste, mu 1737. Mwanayo sanatenge tupa la atate wake. Anaphunzira zamalamulo, kenaka n'kuzisiya n'kukhala katswiri wa zisudzo pa bwalo lomwelo la Comédie-Française, komwe anatchuka ndi dzina loti Grandmesnil, kutengera dzina la minda ija.

Pierre Fauchard anamwalira ku Paris m'mwezi wa Malichi 1761, ali ndi zaka 82. Buku lake linasindikizidwanso kachitatu mu 1786, ndipo linatsegulira njira mabuku ena ambiri a madotolo a mano a ku France amene anatsatira chitsanzo chake. Mu 1936 ku America kunakhazikitsidwa bungwe la madotolo a mano lotchedwa Pierre Fauchard Academy, ndipo mu 1961 dziko la France linaika nkhope yake pa sitampa pokumbukira zaka 200 chimwalirire. Chodabwitsa n'chakuti olankhula Chingerezi anadikira mpaka 1946 kuti awerenge buku lonselo m'chinenero chawo. Amene analimasulira anali Lilian Lindsay, mayi woyamba kulandira chiphaso cha udotolo wa mano ku Britain mu 1895, amene anakaphunzirira ku Edinburgh atakanizidwa malo ku London chifukwa chokhala mkazi.